Ulaliki wa Mapiri a kwa Nsabwe

Munthu wochoka pa boma la Thyolo, natsata msewu wodzera ku Makwasa kulinga ku Thekerani m'dziko la Mfumu Nsabwe, ngati ali nawo maso, ndipo mtima wake sunalemedwe ndi ngongole kapena uthenga wa maliro, sangathe kufika kumene apitako osazizwa. Pakuti kuyambira pomwe nyumba za pa boma zithera, minda ya tiyi yakuta zitunda ndi zigwa ndi kubiriwira kosafota ngakhale m'mwezi wa Okutobala, pamene madera ena a dziko lino afiira ndi dzuwa ndi kuda ndi lupsa, ndipo chakum'mawa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ifika mamita 3,002, laima lokhalokha pachigwa, lero looneka ndi matanthwe ake onse, mawa lobisika m'mitambo. Akapitirira Makwasa minda ikuluikulu ija iyamba kuchepa, midzi ndi timinda ta chimanga, chinangwa ndi nandolo zichuluka, msewu nukhotakhota pamisana ya mapiri, kufikira pamene dziko litsetsereka mwadzidzidzi, ndipo chigwa cha Shire chioneka kutali m'munsi ndi madambo ake onyezimira. Pomwe mtsinje wa Ruo, umene uli malire athu ndi Mozambique, utsika ndi mkokomo pa mathithi a Zoa usanakathire m'Shire ku Chiromo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kudza chiperoni, nkhungu yozizira ndi mvula yowaza yochokera tsidya lija, imene imanyowetsa nthaka m'nyengo imene kwina kulikonse fumbi lili koboo.

Mkhristu woona zotere sachedwa kutchula dzina la Mulungu, ndipo sachimwa potero, popeza Malembo amene anamlera amlola kutero, inde amlamula. Mlembi wa Salmo 19 ayesa thambo mlaliki amene alibe pakamwa koma amveka ponseponse; wa Salmo 104 awerenga akasupe, mitengo, mbalame, mbira za m'matanthwe ndi mikango yosaka usiku, zonse monga za pabanja limodzi lodyetsedwa ndi dzanja limodzi; ndipo Paulo polembera Aroma anenetsa kuti palibe munthu angawiringule kuti sanamve za Mulungu, pokhala zolengedwa zimchitira umboni usana ndi usiku. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anasimba kuti pofunafuna Mulungu anafunsa nthaka, nyanja ndi nyenyezi, ndipo chilichonse chinakana kuti sindicho, nichimlozera kwa Iye amene anachipanga. Chivomerezo cha chikhulupiriro chimene Guido de Brès analemba mu 1561, chimene mipingo ya Reformed isungabe kufikira lero, chiphunzitsa kuti Mulungu adziwika mwa njira ziwiri, yoyamba mwa chilengedwe chimene chili buku lotseguka pamaso pa aliyense, yachiwiri, yomveka koposa, mwa Mawu ake olembedwa. Koma tisayese kuti makolo athu anadikira amishoni kuti awaphunzitse kuzizwa. Amang'anja a m'mapiri ano ndi a m'chigwa anamdziwa Namalenga, naona uta wake m'mitambo mvula itakata, namva mphamvu yake m'bingu ndi mphenzi, nasiya nkhalango zosagwidwa nkhwangwa kumene ankathira nsembe popempha mvula, monga momwe nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, yakhalira kufikira mbadwo uno. Uthenga Wabwino unapeza makutu amene mapiri anali atawatsegula kale.

Pamenepo nkhani ikanatha, ndipo tikanatseka ndi nyimbo ya chiyamiko, pakanapanda mwambi wa akuluakulu wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kubiriwira kumene mlendo aimikira galimoto kuti akujambule si kumene Mulungu anakuika pano pachiyambi. Tiyi ndi mtengo wachilendo, wa ku China ndi ku Assam. Mbewu zake zinalowa m'dziko muno kudzera pa mishoni ya Blantyre, Henry Brown nazibzala ku Mulanje mu 1891, ndipo ku Thyolo ulimi wake unayamba mu 1908. Malo amene anabzalapo anali atagwa kale m'manja mwa Azungu owerengeka ndi makampani awo, amene Harry Johnston anawapatsa zikalata za umwini m'zaka za m'ma 1890, potsimikiza malonda a nsalu ndi mikanda amene anachitika ndi mafumu osadziwa kuti dziko ndi chinthu chogulitsika. Eni nthaka, pamodzi ndi Alhomwe amene anawoloka Ruo pothawa nkhanza za Apwitikizi, anasanduka obwereka malo, nalipira pogona pawo ndi thangata, mwezi uno kugwirira lendi, mwezi winawo kugwirira msonkho, ndipo miyeziyo inkatalika monga momwe mwini esiteti anafunira. Mu Ogasiti 1953 mkwiyo unaphulika kuyambira pa esiteti ya Mangunda, nufalikira m'maboma oyandikana, ndipo pakutha pa zipolowezo anthu 11 anali ataphedwa. Lamulo linathetsa thangata mu 1962, koma nthaka yabwino yambiri inakhalabe kumene inali. Ndipo pa kalembera wa 2018 boma la Thyolo linapezeka ndi anthu oposa 700,000, ochuluka a iwo opanikizana m'timinda ta m'matsitso mmene khasu silikanayenera kufika.

Tayang'anani mayi wothyola tiyi m'mwezi wa Januwale. Walawira mbandakucha ana asanadzuke. Wamanga chipepala cha pulasitiki m'chiuno chifukwa cha mame ndi mvula. Dengu lili kumsana, ndipo manja ake onse awiri ayenda pamwamba pa masamba, kubudula awiri ndi kansonga kake, kuponya kumbuyo osacheuka, mzere uno ndi mzere winawo, kufikira nthawi ya sikelo, pamene kapitawo avundula m'dengumo kuona ngati mwalowa masamba okhwima, ndipo kalaliki alemba makilo amene mayiyo adzadyera kumapeto kwa masabata awiri. Mukamuimika ndi kunena kuti, "Mayi, taonani kukoma kwa dziko la Ambuye," adzakuyankhani mwaulemu wake wonse kuti, "Zoona, bambo, koma kukongola sitidya." Ndipo munthu woopa Mulungu sayenera kufulumira kumtsutsa.

Funso tsono ndi ili: kodi umboni wa chilengedwe ukhala woona kwa wokhuta yekha? Ukakhala wotero, si umboni wa Mulungu wa m'Malembo. Pakuti Iye amene anatuma Eliya kwa Ahabu chifukwa cha munda wamphesa wa Naboti, umene mfumu inaukhumbira popeza unali woyandikana ndi nyumba yake, ndiponso amene mwa Yakobo anachenjeza eni minda kuti malipiro omanidwa a okolola ali nawo mawu ofika kumwamba, sangakondwere ndi chiyamiko cha munthu wotamanda munda ndi kuiwala wolima. Ndiyesa kuyamika kotero kuti ndi tchimo, lingakhale lavala zoyera, ndipo lichitika kawirikawiri pakati pa ife amene tinaphunzira sukulu, odutsa m'minda iyi titakhala pampando wa galimoto.

Komabe sindivomereza kuti chifukwa cha mbiri yowawayi kubiriwirako kwasanduka bodza. M'munda wa tiyi mwakomana manja awiri. Dothi lofiira, nkhungu ya chiperoni, ndi mphamvu ija yobisika imene itulutsa nsonga yatsopano patangopita masiku owerengeka chithyolere inzake, palibe mwini esiteti amene anazilenga, ndipo sizilembedwa m'chikalata chilichonse cha umwini. Zimenezo ndi za Mwini wake wa dziko, amene mu Levitiko 25 anakumbutsa Aisraele kuti iwo omwe anali alendo pa nthaka yake. Koma kusalala kuja, kumene kuchititsa chitunda chonse kuoneka ngati mutu wometedwa ndi lumo limodzi, ndi ntchito ya anthu. Pakuti tiyi akamlekerera akula nakhala mtengo wotalika kuposa nyumba, ndipo akhala wolekeza m'chiuno chifukwa cha mpeni wa wodulira ndi zala za wothyola, chaka ndi chaka, kuyambira masiku a agogo a agogo athu. Chotero woyamika munda wa tiyi moonadi ali ndi mangawa kwa Mulungu ndi kwa mayi uja pamodzi, ndipo sangathe kubweza oyambawo nakana achiwiriwo. Ayenera kufunsa za malipiro ake, za nyumba imene agonamo, za miyezi ya chilimwe pamene masamba achepa ndipo antchito a panyengo abwezedwa kumudzi. Ndinena izi osaiwala kuti maesiteti alemba ntchito anthu zikwizikwi, kuti tiyi ndi imodzi mwa mbewu zazikulu zobweretsa ndalama zakunja m'dziko muno, ndi kuti kuyambira m'zaka za m'ma 1960 alimi ang'onoang'ono nawonso alima tiyi wawowawo. Mlandu wa malo si woti uthe ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Koma si wotinso ukwiriridwe pansi pa masamba obiriwira.

Ndiponso tikamlakwira mayi uja tikamuyesa wakhungu. Iye amene ati kukongola sitidya ndi yemweyo amene asesa pabwalo m'mamawa nasiya mizere ya tsache yoongoka, azira nyumba yake ndi dothi la mitundu iwiri, lakuda m'munsi ndi loyera pamwamba, nabzala maluwa m'chitini chobooka m'mbali mwa khonde, amene sadzawadya kapena kuwagulitsa pa msika wa Thekerani. Ndipo tsiku la mapemphero athyolako ena nawaika m'botolo patsogolo pa guwa. Anamlamula ndani? Ambuye Yesu, pamene analozera anthu ku maluwa akuthengo ndi mbalame za m'mlengalenga, sanali kulankhula ndi alendo odzaona malo, koma ndi asodzi ndi aganyu odera nkhawa chakudya ndi chovala cha mawa. Anawayesa oyenera kuuzidwa za duwa, ndipo sanadikire kuti ayambe akhuta. Chimene umphawi ulanda munthu si maso ayi, koma nthawi yoweramuka.

Apa ndipo ndiona nzeru ya lamulo la kupuma. Ku Makwasa, panjira yomweyi, kuli mishoni ya Malamulo, imene a Seventh-day Adventist anaitenga mu 1902 pamalo amene Joseph Booth anayambitsa, mtsogoleri wake woyamba nakhala Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Ndipo mpingo umenewu, umene uli ndi Akhristu ambiri m'midzi ya kuno, walimbikira kuphunzitsa kuti tsiku lopuma ndi chikumbutso cha chilengedwe. Sindilowa m'mkangano wa Loweruka ndi Lamulungu. Umenewo uli nawo eni ake. Chimene ndigwiritsa ndi chakuti buku la Genesis lionetsa Mulungu mwini kukhala woyamba kuima ndi kupenya ntchito ya manja ake nakondwera nayo, asanakhalepo munthu wakudya za m'mundamo. Ndiponso kuti lamulo la kupuma silinaperekedwe kwa mwini nyumba yekha, koma litchula wantchito wamwamuna ndi wamkazi, mlendo wa m'mudzi, ngakhale ng'ombe ndi bulu. Mulungu tsono anaika m'malamulo ake ufulu wa wantchito wakuti atule dengu, aweramuke, naone phiri limene wakhala akugwira ntchito m'tsinde mwake masiku asanu ndi limodzi. Malipiro amene akakamiza munthu kuthera tsiku lake lopuma pa ganyu wina amlanda ufulu umenewu, ndipo mpingo umene ulalikira za Sabata osasamala za malipiro walalikira theka la lamulo.

Koma wofuna kumva ulaliki wa chilengedwe pamene dzanja la munthu silinalowererepo ayenera kusiya mizere ya tiyi ndi ya bulugamu, amene abzalidwa kuti akhale nkhuni za m'fakitale, nalowe m'tizigawo ta nkhalango yakale totsala m'makwawa ndi pa phiri la Thyolo. M'menemo mulibe mzere. Mitengo ikuluikulu yakolana nthambi kumwamba kotero kuti dzuwa lifika pansi m'timadontho. Zilambe zalendewera, ndere zakuta makungwa, bowa wamera pa chipika chovunda, ndipo madzi atuluka pansi pa mwala ozizira ngakhale masana. M'menemo mukhala kambalame kamene akatswiri a mbalame anakalemba m'mabuku awo mu 1927 nakatcha Cholo alethe, kofiirira kumsana ndi koyera pakhosi, kamene sikapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'nkhalango zochepa za kumwera kwa Malawi ndi za m'mapiri a Mozambique monga Chiperone, Namuli ndi Mabu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: munthu akapeza linthumbu likuyenda m'masamba ovunda, nakhala chete pachitsa chapatali, pakapita nthawi adzakaona katatera panthambi yam'munsi, kakudikira tizilombo tothawa linthumbulo, nkutsika, kutola kamodzi, ndi kubwerera pamalo pake. Sikalemera pasikelo, palibe wokagula, ndipo anthu ambiri obadwira m'tsinde mwa phirilo afika kumanda osakaona. Koma Mulungu wakadyetsa mibadwomibadwo, nakonza kuti ulendo wa linthumbu ukhale gome lake.

Zimenezi zindikumbutsa Yobu. Munthu uja atataya ana, chuma ndi thanzi, atakhala paphulusa ndi kufunsa chifukwa chake, Mulungu sanamuyankhe ndi maphunziro a anzake atatu aja, koma anamtengera kwa mbidzi ya m'chipululu, kwa nthiwatiwa, kwa chiwombankhanga, ndi ku mvula yogwa pa dziko lopanda munthu. Ena ayesa yankho limeneli louma mtima. Ine ndiliyesa laulemu, chifukwa Mulungu anaona wovutikayo kuti ndi woyenera kuonetsedwa chuma cha m'nyumba yake, namchotsa m'ndende ya kuganiza kuti dziko lonse lilekeza pamene zilonda zake zalekeza. Zolengedwa sizinapangidwire phindu lathu lokha. Zilipo zambiri zimene zikondweretsa Mwini wake ife osadziwa, ndipo kudziwa ichi kuchepetsa wodzikuza ndi kutonthoza wosweka.

Nkhalango ya pa phiri la Thyolo, imene akuluakulu anaidziwa ili yakuda bii, inagwa pafupifupi yonse chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 2000, ndipo chachikulu chotsalako chili m'kati mwa malire a esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923. Nkhani imeneyi indipweteka pawiri. N'kwapafupi kwa munthu wa m'tauni, wophikira makala ochokera m'mapiri, kutchula anthu akumudzi kuti ndi owononga. Koma bambo wa ana asanu, wokhala ndi kamunda kosakwana ekala, ndipo tiyi wamzinga kumanja ndi kumanzere, akakweza maso kuphiri aona munda. Kusowa chilungamo pa nthaka ndiko kunanola nkhwangwa. Komabe nkhwangwayo inali m'manja mwathu, ndipo ambiri a oigwira anali obatizidwa. M'midzi yomweyo, pamene phiri layera, mupeza kachitsamba ka mitengo ikuluikulu kataima pakati pa minda, ndipo simusowa kufunsa kuti ndi chiyani: ndi kumanda, kumene palibe alimba mtima kudulako mtengo ngakhale nkhuni zitasowa chotani. Tidziwa tsono kusunga chimene tichiyesa chopatulika. Nanga zatheka bwanji kuti mitengo ya akufa tiiopa, ndipo ya Mulungu wamoyo, imene isunga akasupe a ana athu, tiigwetsa popanda mtima kugunda?

Sitiyeneranso kubisa kuti buku loyamba lija, la chilengedwe, lili ndi masamba oopsa. Dera la Thekerani, Molere ndi Masambanjati linali la nthochi, zimene zinali chakudya, ndalama ya sukulu ndi mthunzi wa pakhomo, malole nkumazinyamula kunka nazo ku Limbe ndi ku Lilongwe. Anadza matenda a chisaka, mitsinde inazulidwa, ndipo zitunda zambiri zinatsala pambalambanda. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osakata, mapiri a m'chigawo cha kumwera anagumuka ndi kutsika ndi miyala, ndipo anthu mazanamazana anafa. Amene anafukula mbale wake m'matope sangauzidwe mopepuka kuti chilengedwe ndi chokoma. Ndipo ndikana ndi mtima wonse ulaliki wakuti ofawo anali ochimwa koposa otsala, pakuti Ambuye anaukana kale pokamba za anthu amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Apa ndi pamene pafunikira buku lachiwiri, la Mawu olembedwa. Phiri lidziwa kunena za mphamvu ya Mulungu ndi za nzeru yake, koma silidziwa kunena za chikhululukiro, ndipo silingauze wamasiye kuti akondedwa. Paulo, yemwe uja anati zolengedwa zichitira umboni, anenanso m'kalata yomweyo kuti zili m'zowawa, zikudikira kuwomboledwa pamodzi ndi ana a Mulungu. Chifukwa chake Mkhristu sapembedza phiri, ndiponso salinyoza. Alipenya monga cholengedwa chinzake, chovulala monga iye, cholonjezedwa chimene iye analonjezedwa.

Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anaphunzitsa kuti kusamala dziko ndi kusamala osauka ndi ntchito imodzi yosagawika, ndipo kwa Nsabwe chiphunzitsochi sichisowa womasulira, popeza dothi likakokoloka m'matsitso ano woyamba kugona ndi njala ndi mwini kamunda, wachiwiri ndi mnzake wa ku Muona ndi ku Makhanga amene madzi ndi mchenga zimfikira m'nyumba. Genesis anena kuti munthu anaikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, kuulima ndi kuusunga. Yoyambayo taichita ndi mphamvu zathu zonse. Palibe mudzi kuno umene ulibe nyumba ya mapemphero, kaya ya Katolika, ya CCAP, ya Adventist kapena ya mipingo yoyambira kwathu konkuno, ndipo palibe bungwe la boma kapena lakunja limene lifika kwa anthu sabata ndi sabata monga ifikira mipingo imeneyi. Mphakati uliwonse, gulu lililonse la Mvano kapena la Dorika, likanatenga kasupe mmodzi kapena khwawa limodzi kukhala lake, nilibzalamo mibawa, mikuyu ndi nsungwi m'malo mwa bulugamu womwa madzi, nilithandiza amasiye kuika akalozera ndi vetiva m'minda yawo yotsetsereka. Ndipo akulu a mpingo omwewo, amene akhala m'mabwalo a mafumu ndi m'makomiti a chitukuko, akanalankhula za malo ndi za malipiro popanda mantha ndi popanda chidani. Boma litsegula nyengo yobzala mitengo mu Disembala ndi kuitseka mu Epulo, ndipo pa tsiku lotsegulira sipasowa anthu, nyimbo ndi zithunzi. Mbande zambiri zifa pambuyo pake, mu Seputembala ndi Okutobala, ndi dzuwa, mbuzi, chiswe ndi moto wa osaka mbewa. Chotero ntchito imene mpingo uyenera kuigawa ndi ya miyezi imeneyo, yolambula njira ya moto, yotchinga ndi minga ndi yothirira, ndipo mayina a oigwira alembedwe m'kaundula ndi kuwerengedwa pa zolengeza pamodzi ndi a osesa m'tchalitchi, a oyendera odwala ndi a olalikira sabata yamawa.